Njinga ya magiya 21 siikhalitsa ku Kaumbwe

Wogulitsa njinga mu Kamwala akaona kuti mwayamba kudandaula za mtengo, amagwada n'kuloza gudumu lakumbuyo. "Bosi, iyi ni mountain. Magiya 21. Olo phiri ikwela cabe." Inu mumawerama, mumaona tizitsulo ta mano tosanjikizana ngati mbale m'kabati, tiwaya, masipuling'i ndi penti wonyezimira, basi mwakopeka. Loweruka njinga yakulungidwa m'makatoni, yakwezedwa basi pa Intercity, ulendo wa makilomita pafupifupi 400 kupita ku Petauke. Madzulo kumudzi aimba foni kuthokoza, mpaka agogo alankhulako. Mvula isanathe aimbanso, koma tsopano mau ndi ena: "Njinga ija yakhala."

Ine kwathu ndi ku Kaumbwe, kum'mwera kwa Petauke, kumene tala amatsala pa Great East Road inu n'kupitiriza pa msewu wa dothi kulowera kwa Mwanjawanthu, ca kumalire a Mozambique. Ndikapita kumeneko ndimaziona njinga zimenezi. Ina yatsamira nkhokwe, ina yapacikidwa pa khonde, ina ana aicotsa magudumu kuti apangire ngolo yoseweretsa. Fulemu ikali bwino, penti akali kung'anima. Cimene cinafa ndi magiya. Zambiri mwa izo zinagulidwa ndi anthu ngati inu ndi ine, amene timalimbana ndi kondakita pa chenji ya K2 m'mawa uliwonse kuti pakutha pa mwezi patsaleko kanthu kotumiza kumudzi. N'cifukwa cake lero ndasiya za jamu ya pa Kafue roundabout, ndifuna tikambe za magiya a njinga. Maganizo anga ndi akuti giya siigulidwa powerenga nambala. Muigule mutadziwa amene adzaikonza ikafa, ndi kumene sipeya yake idzacokera.

Ndisakhale ngati amdala aja amene amati njinga yeni-yeni ndi yakuda cabe, ya giya imodzi, zina zonse ndi zidole. Magiya ndi ofunika, ndipo inu okwera minibasi mumadziwa zimenezi kuposa aliyense. Hiace ikadzaza, anai-anai mpando uliwonse, matumba a mbatata pansi pa miyendo, dalaivala sanyamuka ndi giya 4. Amayamba ndi 1, injini ikulira kwambiri koma magudumu akuyenda pang'ono-pang'ono. Amene munadutsapo pa Manenekela, musanafike pa Luangwa Bridge, munamva basi yaikulu ikutsitsa magiya mpaka kukwawa ngati kamba. Pa njinga injini ndi miyendo ya munthu, ndipo miyendoyo mwina ndi ya mtsikana wa Giredi 8, kapena ya amai a zaka 50 amene anyamula thumba la cimanga la makilogalamu 50 kupita ku cigayo.

Tiyeni tiwerengeko pang'ono, kulibe mayeso. Njinga yakuda ija ya magudumu a mainchi 28 nthawi zambiri imakhala ndi mbale ya mano 44 kapena kuposerapo pang'ono pa mapedulo, ndi kambale ka mano 18 kapena 20 kumbuyo. Titenge 44 ndi 18. Mukazunguza mapedulo kamodzi, gudumu limazungulira pafupifupi kawiri ndi theka, njinga n'kuyenda mamita 5.4. Pa msewu wosalala ni zabwino maningi. Pa citunda, katundu ali kumbuyo, mamita 5.4 pa kuchova kumodzi ndi nchito ya ng'ombe. Ndiye munthu amaseluka n'kuyamba kukankha, monga mumaonera a malasha akulowa mu Lusaka m'bandakuca. Njinga ya mountain, pa giya yake yotsikitsitsa, imaika cheni pa mano 24 kutsogolo ndi 28 kumbuyo, ndipo kuchova kumodzi kumayenda mamita 1.8 cabe. Mwendo wapepukidwa katatu. Munthu wa ku Nyimba, kumene mapiri ndi oculuka kuposa kwathu ndipo nthoci ziyenera kufika pa msewu mabasi asanadutse, akafuna giya yotere si kuti akufuna kudzionetsera.

Koma 21 ndi nambala ya wogulitsa. Ndi mbale 3 kutsogolo kuculukitsa ndi 7 kumbuyo. Ambiri mwa magiya amenewo amafanana okha-okha, mwendo sumva kusiyana, ndipo ena amapingasa cheni moti ngakhale opanga amati musamawagwiritse nchito. Ndakhala ndikuyang'ana mmene anthu kwathu amachovera: giya imodzi ya katundu, citunda ndi mcenga, ina ya pobwerera wopanda kanthu. Akaculutsa, atatu. Enawo 18 mumalipira kuti akhale zokongoletsa, ndipo ndi omwewo amene amabweretsa matenda.

Matendawo amayambira pa cimene cimasuntha cheni. Pa njinga za mountain zimenezi pali kadzanja ka citsulo kolendewera pambali pa gudumu lakumbuyo, kokhala ndi timagudumu tiwiri ta pulasitiki. Amalonda amakacha derailleur, kwathu amangoti magiya. Nchito yake ndi kukankha cheni kucoka pa mbale ina kupita pa ina njinga ili kuyenda. Nzeru yake ndi yabwino, n'kopepuka, ndipo sikadya mphamvu ya wochova. Okonza mpikisano wa Tour de France anakaloleza mu 1937, ndipo mpaka lero othamanga amadalira komweko. Koma wothamanga wa ku France amatsatiridwa ndi galimoto yodzaza masipeya, makanika ali m'kati. Wa ku Kaumbwe amatsatiridwa ndi galu.

Taganizani njira zathu. Tinjira ta pakati pa minda, ziputu m'mbali, udzu wa mu February wofika m'ciuno. Kadzanja kaja kali m'munsi, pafupi ndi nthaka, ndipo kamakola ciliconse: kamtengo, luzi, ngakhale nsonga ya citenje. M'dzinja matope a m'dambo amamata timagudumu tija mpaka kuuma gwa. Mu September ndi October fumbi limasakanizana ndi oilo n'kusanduka phala la mcenga limene limadya mano a mbale pang'ono-pang'ono. Nthawi zina kamapindika njinga isanafike n'komwe, cifukwa m'buti ya basi anaigoneka ca kumanja n'kusanjikapo matumba a feteleza.

Pa njinga zambiri kadzanjako kamamangidwa pa kacitsulo kofewa kamene opanga anakakonza dala kuti kazipindika kapena kuthyoka, fulemu ipulumuke. Ku Ulaya munthu amangogula kena. Koma tizitsulo timeneti tili mitundu mazana-mazana, kampani iliyonse kake, moti kupeza koyenera njinga yanu ngakhale mu Town Centre ndi nchito ya tsiku lonse. Nanga pa Minga kapena pa Nyimba?

Ndiye pali kaja ka "khethe, khethe" ka pa handulo. Shimano ya ku Japan ndiyo inachukitsa nzeru imeneyi kuyambira mu 1984: mukadina kamodzi, waya amakokeka ndi muyezo wake-wake, cheni n'kudumphira pa mbale yotsatira. Zimakoma zonse zikakhala zoongoka. Kacitsulo kaja kakangopindika pang'ono, kapena waya akacita dzimbiri, muyezo wasokonekera. Cheni imayamba kulira, kenaka kudumpha pa citunda pamene munthu waimirira pa mapedulo, ndipo tsiku lina kadzanja konse kamalowa m'masipoko. Apo ndiye mwataya magiya, masipoko, mwinanso ndi mano a wochova.

Palinso cina cimene wogulitsa sakuuzani. Kuti mbale 7 zikwane kumbuyo, masipoko a kumanja amaima cilili n'kukungika kwambiri, ndipo ekiselo imakhala ndi mbali yaitali yopanda cocirikiza. Gudumu lotere linapangidwira munthu mmodzi ndi botolo la madzi. Kwathu njinga imanyamula nshawa, thonje, mbuzi, zigubu ziwiri za malita 20, ndi wodwala wopita ku cipatala ca Minga. Ekiselo imapindika, kenaka imathyoka. Ndipo zija za sipuling'i yaikulu pakati, zimene acinyamata amazikonda kwambiri, zilibe ngakhale pomangira keriya yolimba.

Musaganize kuti ndife tokha otopa nako kadzanjaka. Azungu okwera mapiri pa njinga za mtengo wa Corolla naonso kamawathyokera pa miyala, ndipo kwa zaka zambiri akhala akufuna njira zina. Kampani ya Rohloff ku Germany inatulutsa mu 1998 habu yokhala ndi magiya 14 m'kati mwake, osambira mu oilo, otsekeredwa kuti fumbi ndi madzi zisalowe. Oilo amasinthidwa kamodzi pa caka kapena pa makilomita 5,000, basi. Anthu azungulira nayo dziko lonse. Koma habu yokhayo imaposa ma euro 1,000. Pinion, ya ku Germany komweko, yoyambitsidwa ndi mainjiniya awiri amene anagwirapo nchito ku Porsche, inaika giyabokosi yeni-yeni ngati ya galimoto pakati pa mapedulo, ina ya magiya 18, ndipo imafuna fulemu yopangidwira yomweyo. Ena anapita ku magetsi. Shimano inaika kamota pa derailleur ya njinga za m'mapiri mu 2014, SRAM ya ku America inacotseratu mawaya mu 2019, giya n'kumasinthika ngati mukusintha chanelo pa TV. Batire ikatha, giya yaima pomwepo. Ife a mu Lusaka amene tinadya mdima wa 2024 tingoseka, nanga kwathu kumene foni imakachajidwa pa sola ya pa kagolosale?

Zonsezi si zathu, koma pali cimodzi cimene ndimatolapo. Mu 2016 SRAM inatulutsa magiya ochedwa Eagle: mbale 12 kumbuyo, imodzi yokha kutsogolo. Dzinalo limandiseketsa, cifukwa kum'mawa Eagle ndi njinga yakuda ya ku Chipata, ya fakitale ya Luangwa Industries, imene atate athu ena anakwatirira. Koma taonani zimene zinacitika. Anthu a ndalama anataya mbale zitatu za kutsogolo, pamodzi ndi cosinthira cake ndi waya wake, cifukwa anaona kuti zimangoonjezera zofa. Lero njinga ya mountain ya mtengo wapamwamba yokhala ndi mbale zitatu kutsogolo ndi yosowa. Zimene iwo anataya ndizo ife tikugulitsidwa monga zamakono.

Kutsekera magiya m'habu, monga anacitira a Rohloff, si kwatsopano ai. Ku Nottingham, kwao kwa Raleigh, Sturmey-Archer inayamba kupanga habu ya magiya atatu mu 1902, ndipo mtundu wake wochuka wa AW unatuluka mu 1936. Akulu-akulu amene anagwirapo nchito ku migodi kapena ku Salisbury amakumbukira ma Raleigh ndi ma Humber okhala ndi kandodo pa handulo ndi kacheni kakang'ono kotuluka mu ekiselo. Giya yapakati ndi ya masiku onse, yotsika imapepuza ndi gawo limodzi mwa magawo anai, yokwera imaonjezera liwiro ndi gawo limodzi mwa atatu. Kunja kulibe colendewera. Cheni ndi yonenepa, imayenda moongoka, ndipo mungaiphimbe kuti isadye buluku kapena citenje. Mungasinthe giya mutaima ciimire pa maroboti, zimene derailleur siilola. Shimano nayo ili ndi zake zochedwa Nexus. Kwa inu amene mwatopa ndi mitengo ya basi ndipo muganiza zochova kucoka ku Chelstone kapena ku Chilenje kupita m'tauni, iyi ndiyo ndingakusankhireni. Lusaka ndi yosalala, magiya atatu ndi okwanira.

Koma ku Kaumbwe sindingaitumize. M'kati mwa habu imeneyi muli timagiya, tizikhomo ndi timasipuling'i tocepa ngati nyerere. Makanika wa pansi pa mtengo wa mango akatsegula, kamodzi n'kugwera m'fumbi, nkhani yatha, sipeya yake kulibe. Giya yake yotsikanso siitsika mokwanira kwa munthu amene wanyamula matumba awiri. Ikafa muyenera kumasula masipoko onse n'kulukanso gudumu pa habu ina. Yabwino ndithu, koma pa msewu wa tala.

Nkhani imene imandigwira mtima ndi ya njinga ya Buffalo, imene ambiri mumaidziwa. Amene anayambitsa bungwe la World Bicycle Relief mu 2005, F.K. Day ndi Leah Missbach Day, si anthu osadziwa magiya. F.K. Day ndi mmodzi wa amene anayambitsa SRAM ku Chicago mu 1987, kampani imene inayamba ndi cosinthira copotokola pa handulo, kholo la zija zimene mumaziona pa njinga za m'masitolo. Atathandiza anthu a ku Sri Lanka pambuyo pa tsunami, anabwera ku Zambia ndi pulogalamu ya RAPIDS, yotsogozedwa ndi World Vision, kudzagawa njinga 23,000 kwa anthu odzipereka osamalira odwala AIDS m'midzi. Njinga zimene zinali pa msika zinali kufa msanga, ndiye anayamba kukonza yao. Munthu amene akanatha kuikapo magiya alionse a pa dziko lapansi anaikapo imodzi, pa fulemu ya citsulo, buleki ya mapedulo ndi keriya yonyamula makilogalamu 100.

Giya imodziyo inagwira nchito. Kafukufuku wa Innovations for Poverty Action m'masukulu 100 a ku Southern Province, ku Monze, Mazabuka ndi Kalomo, anapeza kuti kujomba kwa atsikana amene analandira njinga zimenezi kunatsika ndi 28 peresenti, ndipo kucedwa kufika ku sukulu kunatsika ndi 66 peresenti. Cimene cinathandiza atsikanawo ndi njinga imene inali kudzuka m'mawa uliwonse.

Koma okwera anapitiriza kudandaula za zitunda, ndipo sanali kunama. Yankho linabwera mu 2024, pa mtundu wochedwa Utility S2. Mukaiona koyamba mungaganize kuti makanika analedzera: ili ndi macheni awiri, ina pambali pa inzake. Imodzi ndi ya giya yolemera ya pa msewu wosalala, ina ndi ya giya yopepuka ya pa citunda ndi katundu. Pa handulo palibe cosinthira, palibe waya wa giya, kumbuyo kulibe colendewera. Mukafuna kusintha mumangobweza mapedulo m'mbuyo theka la mzunguliro, fuliwilo imasiya cheni imodzi n'kugwira inzake. Popeza kubweza mapedulo tsopano ndi giya, mabuleki anapita ku manja. Cheni imodzi ikaduka pakati pa chire, mumafika kunyumba ndi inayo. Ku cionetsero ca Eurobike ku Frankfurt caka comweco inalandira mphoto ya golide, ili pakati pa njinga za magetsi za mtengo wa galimoto.

Kusintha giya pobweza mapedulo nako n'kwakale. Fichtel & Sachs ya ku Germany inali ndi habu yotere m'zaka za m'ma 1960. Catsopano n'cakuti cosinthiraco cacoka m'mimba mwa habu, cili pa fuliwilo imene makanika angaimasule osakhudza sipoko ndi imodzi yomwe, ndipo machenio ndi wamba. Kwa ine nzeru ili pamenepa.

Sindine wogulitsa Buffalo, ndipo sindikuti thamangirani. Mafunso anga ndi omwe aja. Fuliwilo ya macheni awiri siili ngati wamba imene mungaipeze pa thebulo la masipeya pa msika uliwonse, imacokera kwa eni ake okha. Kampani ili ndi masitolo ake, ndipo bungwe limaphunzitsa amakanika m'madera amene limagwirako nchito, zimene ndi zoyamikika. Koma munthu wa kwa Mwanjawanthu akafunika kukwera mpaka ku boma kapena ku Chipata cifukwa ca kacitsulo kamodzi, mtengo wa ulendo ungapose wa sipeyayo. Njingayo ndi yolemera, mtengo wake si wa masewera, ndipo amene anapereka mphoto ku Frankfurt sanaoloke nayo dambo mu January. Madzinja angapo adutse, amakanika a kumudzi ndiwo adzatiuza zoona.

Pakali pano amakanika amenewo ali kale ndi njira zao, ndipo ife a m'tauni timazinyoza pacabe. Yoyamba mwaionapo. Njinga ya mountain ikabwera magiya atafa, makanika amacotsa kadzanja konse, amasankha mbale yapakati kutsogolo ndi ina yapakati kumbuyo, amadula cheni n'kuilumikiza pomwepo. Magiya 21 asanduka imodzi, njinga yauka. Nthawi zina cheni imatsala yolendewera n'kumagwa, cifukwa fulemu zambiri za mountain zilibe mpata wokokera gudumu m'mbuyo, koma makanika wodziwa amayesa mbale zingapo mpaka apeze pamene yakungika.

Yaciwiri ndi ya njinga yakuda: kucotsa fuliwilo ya mano 18 n'kuikapo ya mano 22, ndi kuonjezera timfundo tiwiri ta cheni. Kuchova kumodzi kumatsika kucoka pa mamita 5.4 kufika pa 4.4. Liwiro lacepako, koma zitunda zina zimene munali kutsikira mumakwera muli pa cishalo. Sindinaonepo giya yochipa kuposa imeneyi.

Yacitatu ndiyo ndimalimbikitsa kwa amene mountain munatumiza kale ndipo ikali moyo. Uzani makanika acotse copotokola ca pulasitiki cija, aikepo kandodo wamba ka citsulo, kopanda "khethe, khethe", kamene mumakankha ndi cala mpaka cheni yakhala cete. Kandodo kotere sikasankha. Mbale 6, 7 kapena 8, derailleur ya kampani iliyonse, ngakhale yopindikako pang'ono, kamayendetsa ndithu, cifukwa muyezo uli m'khutu la wochova. Ndi mmene othamanga mipikisano anali kusinthira 1984 isanafike. Mwana amaphunzira tsiku limodzi.

Ndikumva zimene ena mukunena pa mpando wakumbuyoko. "Mwana wa manje sangakwele njinga ya agogo, anzake azamuseka." Zoona, ndipo si nkhani yocepa, cifukwa mnyamata wa Giredi 11 akacita manyazi ndi njinga amaisiya kunyumba. Ngati ndi mountain basi, pitani kwa ogulitsa njinga za salaula, mufune ya fulemu ya citsulo, yopanda sipuling'i pakati, yokhala ndi timabowo tomangira keriya. Citsulo cikang'aluka, woocherera aliyense wa pa msika amacilumikiza, pamene aluminiyamu makina wamba saigwira. Nyamulani kamaginito ka mu sipika yakale: kakamatirira pa fulemu, ndi citsulo. Njinga yakale ya ku Japan kapena ku Ulaya yokandika penti nthawi zambiri ili ndi zitsulo zolimba kuposa yatsopano yonyezimira.

Ndipo musanapereke ndalama, imbani foni kumudzi. Osati kwa amene mukum'gulira, iye adzati iliyonse ili bwino. Pemphani akupatseni makanika wa pafupi, mum'funse kuti pa thebulo pake pali ciyani. Matayala a 26 kapena a 28? Cheni yonenepa kapena yoonda? Fuliwilo ya mtundu wanji? Waya wa giya ali naye? Mum'funsenso kuti njira ya ku sukulu kapena ku depoti ya FRA ili ndi zitunda zingati, mcenga uli pati. Ndi talk time ya mphindi zisanu cabe. Kenaka m'katoni ya njingayo ikanimo cheni yapadera, mawaya awiri, mabuleki ndi kabotolo ka oilo, ndipo pokweza imani pomwepo muone kuti aigoneka ca kumanzere, magiya ali m'mwamba.

Ndisaiwale a boma ndi mabungwe, amene amagula njinga mazana pa kamodzi. Kucokera mu 2022, pamene CDF inakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse, ndalama zogulira zinthu zotere zili pafupi ndi anthu, ndipo mbali ina ndi ya maphunziro a maluso ndi ngongole za acinyamata ndi azimai. Komiti ya ku Kaumbwe kapena ya ku Nyimba ikadzaganiza zogula njinga za ana a sukulu kapena za odzipereka a zaumoyo, pepala la tenda lisalembe nambala ya magiya. Lilembe kuti giya yotsika iyende mamita angati pa kuchova kumodzi, keriya inyamule makilogalamu angati, ndipo wogulitsa asiye masipeya a zaka ziwiri pa malo ochulidwa dzina m'wadi iliyonse. Pa ndalama zomwezo acinyamata awiri pa wadi aphunzire kuluka gudumu ndi kumasula fuliwilo, ngakhale ya macheni awiri ija, apatsidwe zipangizo ndi kangongole kogulira masipeya oyamba. Amene muli ndi nambala ya khansala wa kwanu, jambulani tsamba lino mum'tumizire musanaseluke.